Inu a kampani ya fodya, nkhuni zanuzi mukuzitenga kuti?

Ndalemba pano pa Facebook chifukwa foni ya ku ofesi kwanu imangolira, ndipo alangizi anu ndikawafunsa amangoti "tikafikitsa kwa mabwana". Chaka chatha chonse akufikitsabe.

Ndine mlimi wa fodya wa fuluu kuno kwa Santhe, ku Kasungu, ndipo ndili pa kontirakiti ndi inu. Posainirana munati nkhuni zowotchera fodya zizichokera m'minda yanu ya bulugamu, ife tisadulenso mitengo yachilengedwe. Tinaomba m'manja. Ndalama ya nkhunizo mumadula ndithu, ndikagulitsa mabelo ku msika wa fodya wa Chinkhoma imaoneka bwinobwino pa seloshiti.

Koma bwerani mudzaone zimene lole yanu inatsitsa pa bani yanga mu February. Bulugamu anali pamwamba pokha, wophimbira maso. Pansi pake mitengo ya msuku, muwanga, tsamba, mtondo, ina yaiwisi makungwa akadali onyowa. Ine ndinabadwira kuno, msuku sindingausokoneze ndi bulugamu ngakhale usiku. Dalaivala nditamufunsa anaseka, amvekere "madala, moto susankha mtengo".

Ndinapita kukaona kumtunda kwa dambo lathu kumene anyamata amaunjika mamendulo m'mbali mwa msewu kudikira malole. Zitsa zokhazokha. Malo amene amayi ankazula bowa ndi kutola masuku, pano ndi poyera ngati bwalo la mpira. Muwanga umatenga zaka zambirimbiri kuti ufike pokula chonchija, bani n'kuumaliza m'masiku osakwana sabata. Mvula ikagwa madzi salowanso pansi, amangothamanga ndi dothi kukathira mu mtsinje wa Rusa, ndipo chigwembe chadula kale munda wa alamu anga pakati. Chitsime cha kudimba chimene chinkatifikitsa mu November, chaka chatha chinaphwa mu August. Tomato tinamusiya akufota tikuona.

Ndiye mbande za mitengo zija mumajambulitsa nazo zithunzi. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December kufika pa 15 April, aliyense amadziwa. Inu munatibweretsera machubu kumapeto kwa March, mvula ikutsanzika, mbande zina zitauma kale m'lole. Mwa zanga zinapulumuka ndi zowerengeka pa dzanja. Koma pa ngongole munalemba zonse.

Sindikudziyeretsa ayi, nafenso alimi nkhwangwa tili nazo, zigafa za fodya wa bale timamangira mitengo yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti inu munalandira ndalama zathu polonjeza kuti izi zitha.

Tiuzeni pano, poyera: amene munamupatsa ntchito yosaka nkhuni amazigula kuti, ndipo chilolezo cha a zankhalango ali nacho? Mbande za chaka chino zifike mvula yoyamba isanagwe. Ndalama ya mbande zouma mundibwezere. Zithunzi za nkhunizo ndaziika m'munsimu, ndipo Lolemba ndikazionetsa kwa a gulupu ndi komiti yathu yoteteza nkhalango ya m'mudzi.