Nyama ya gulu gulu

Mwana wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko? Amayi ako andiuza kuti mano awiri akutsogolo aguluka ndipo ukuseka mobisa pakamwa. Usabise, amera ena. Ine kuno ku Guangzhou ndili bwino. Mzindawu uli kum'mwera kwa dziko la China, m'chigawo cha Guangdong, ndipo dzuwa limayamba kutifika ife. Tili patsogolo panu ndi maola 6, ndiye iwe ukamamwa phala m'mawa, ine ndimakhala nditadya kale nkhomaliro.

Unandifunsa pafoni ngati kuno kuli nsima. Ayi, kuno n'kwa mpunga. Koma pali ndiwo ina imene ndikufuna ulawe. Ndi nyama ya nkhumba yothira shuga. Eya, wawerenga bwino, shuga mu ndiwo! Ndikudziwa kuti agogo akamva zimenezi awomba m'manja n'kunena kuti mwana wawo wasokonezeka kuchilendo. Amathiramonso viniga, ndiye imakhala yotsekemera komanso yowawasa nthawi imodzi, ngati malambe aja umakonda kumunya atawathira shuga.

Dzina lake ndi gulu rou. Rou ndiye nyama. Nanga gulu? Kwathu gulu ndi anthu ambiri, koma anthu akuno amasimba kuti ndi kaphokoso ka pakhosi, munthu akamameza mate fungo litamupeza: gulu, gulu. Yesa kumeza mate umve.

Loweruka lapitali ndinaphika ndekha, ndipo ndalemba zonse kuti mukayese ndi amayi ako. Pafunika theka la kilogalamu la nyama, yokhala ndi mafuta pang'ono. Aidule timagawo tating'ono ngati chala chachikulu cha bambo ako. Kuno patebulo sipakhala mpeni, anthu amadyera timitengo tiwiri, choncho chilichonse amadulira kukhitchini kuti chizikwana pakamwa kamodzi. Nyamayo aiwaze mchere ndi supuni 1 ya soya sosi, aswerepo dzira limodzi, kenako aigubuduze mu ufa wosalala kwambiri uja m'sitolo amalembapo kuti cornflour. Kugubuduzako ndi ntchito yako, ukasamba m'manja. Manja ako ayera mbee ngati wachokera kuchigayo.

Kukazinga n'kwa amayi ako okha. Mafuta otentha amathetheka ndipo alibe chisoni ndi mwana, iwe ukakhale patali. Poto wa kuno amamutcha wok, ndi wozungulira kunsi ngati chiwaya cha tchipisi, ndiye chiwaya chanu chija chichita bwino. Chinsinsi chake n'kukazinga kawiri. Koyamba n'kuti nyama ipse mkati. Aivuule, ipume pang'ono, moto aukoleze, n'kuibwezamo kwa mphindi imodzi yokha. Apo m'pamene kunja kumauma n'kumalira khrrr ukaluma.

Tsopano msuzi, ndipo pano ndiye pali ntchito yako yeniyeni. M'kapu muike masupuni 3 a viniga, 3 a shuga, 3 a tomato sosi ndi theka la kapu ya madzi. Utakase, kenako ulawe ndi nsonga ya supuni. Maso akatsinzina okha ngati walumako bwemba, onjezerani shuga. Zikamveka ngati switi, onjezerani viniga. Palibe amene angakuuze muyeso weniweni, chifukwa viniga wina ndi waukali kuposa mnzake. Lilime lako ndilo liweruze. Ine ndinalawa kanayi konse ndisanakhutire, mpaka mnzanga amene ndimakhala naye anati msuzi utha nyama isanauone.

Amayi ako akazinge anyezi, tsabola wobiriwira wosawawa uja, ndi chinanazi chodula mabandemabande. Apa inu mwatiposa, chifukwa chinanazi cha ku Mulanje sindinachipezere chinzake. Athiremo msuzi uja pamodzi ndi kasupuni ka ufa wosalala wosungunula m'madzi ozizira. Uyang'anitsitse uli chapatalipo: msuzi wamadzimadzi uja uyamba kulimba n'kumanyezimira ngati galasi lofiira.

Ndikuulule cholakwa changa. Tsiku loyamba ndinathira nyama mu msuzi, n'kuvundikira, n'kupita kukaimba foni. Pobwerera ndinapeza nyama yanga yonse yafewa, ufa uja wasanduka phala. Ndinadyabe, nanga n'kutaya? Koma mtima unandiwawa. Nyama imalowa pomaliza penipeni, kutembenuza katatu kapena kanayi, basi n'kuphula. Mpunga wa Kilombero ukhale utapsa kale ndipo anthu akhale atasamba m'manja, chifukwa ndiwo imeneyi siidikira munthu.

Ndikadzabwera patchuthi ndidzakubweretsera timitengo take, tating'ono ta ana. Ine ndinatha milungu iwiri ndikugwetsa nyama pamalaya, ndiye tidzaona ngati iwe udzandipose. Pakadali pano ungayesere ndi mapensulo awiri kutola mtedza, koma amayi ako asakupeze ukuchita zimenezi patebulo.

Mukaphika, undijambulire nkhope ya agogo akamalawa koyamba, amayi ako anditumizire pa WhatsApp. Uwapatse moni onse, ndi galu wako yemwe.

Ndine,
Azakhali ako