Lipoti la msonkhano wa ochita zisudzo: sewero la anthu odikira

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Ku msonkhano wa masiku awiri munandituma kuja ndabwerako. Malisiti a ulendo ali kale ndi a msungichuma, apa ndingonena zimene ndatolako.

Tsiku loyamba lonse linathera pa sewero limodzi, Waiting for Godot, la Samuel Beckett wa ku Ireland. Analilemba m'Chifalansa ndipo linaonetsedwa koyamba ku Paris mu Januwale 1953. Amuna awiri, Vladimir ndi Estragon, ali m'mbali mwa msewu pakamtengo, kudikira munthu wina dzina lake Godot, yemwe sabwera. Wina akulimbana ndi nsapato yomuthina, mnzake kuvula chipewa n'kumasuzumiramo ngati mwagwera kanthu. Chakumadzulo kamnyamata kadzanena kuti bwana safika lero, koma mawa. Gawo lachiwiri n'chimodzimodzi, kungoti kamtengo kaja kaphuka timasamba.

Kunena zoona, ndinkaona ngati angotitayitsa nthawi, mpaka pamene ophunzitsa anatiimika awiriawiri kuti tidikire chete mphindi zitatu. Zinandikanika. Mphindi isanathe ndinali nditaponya kale nthabwala, monga timachitira tikaona kuti holo yazizira. Anandidula pomwepo. Akuti kunyong'onyeka kuzioneka pathupi pa wosewera, m'mapazi ndi m'maso, koma woonera asanyong'onyeke. Apa ndiye pamene gulu lathu limaperewera: timaopa bata.

Tsiku lachiwiri tinakangana za funso lakuti munthu amadziwa bwanji kuti ndi yemwe uja wa dzulo. Estragon amaiwala zadzulo. Kamnyamata kamaitana Vladimir kuti Albert, ndipo kakabweranso kamakana kuti kanamuonapo. Ena anaumirira kuti Godot ndi Mulungu, koma mwiniwake Beckett sanamasulirepo, ndipo ine ndaona kuti mkanganowo unangotidyera nthawi ya tiyi. Zimene ndasunga ndi izi: mu 1957 akaidi a kundende ya San Quentin ku America analimvetsa seweroli mosavuta, ndipo mu 1993 Susan Sontag, mlembi wa ku America, analionetsa ndi makandulo ku Sarajevo, m'dziko la Bosnia, mzindawo utazingidwa ndi nkhondo.

Kulionetsa pagulu kumafuna chilolezo kwa osunga ntchito za Beckett, ndipo salola kusinthasintha. Choncho ndikupempha kuti tilembe kathu ka mphindi 10, ka anthu awiri pabenchi, tikayese Loweruka. Amene ali ndi nsapato zakutha ndi chipewa abwere nazo.