Mabuku awiri akuchipatala anatsala pang'ono kutipweteka

A Mkonzi,

Ndiloleniko ndiyankhule pa nkhani ya mankhwala a BP ndi ochepetsa mafuta m'magazi aja amati ma statin, chifukwa zomwe zinachitikira bambo anga kuno ku Mangochi ndikukhulupirira zikuchitikanso m'makomo ambiri koma anthu sakudziwa.

Bambo anga akhala akumwa mankhwala a BP otchedwa amlodipine kwa zaka ndithu, kapilisi kamodzi m'mawa, amakatenga kuchipatala cha boma ndi buku lawo lija lakale long'ambika chikuto. Nde ulendo wina atapita ku Blantyre kukaona mlongo wanga, iye mwachikondi anawatengera kuchipatala china cha pulaiveti kukayezetsa magazi, akuti kolesitero (mafuta m'magazi) wakwera, anawalembera statin wotchedwa simvastatin wa 40 mg woti azimwa usiku. Buku lakale analisiya kunyumba nde kumeneko anawatsegulira kafayilo kena, ndipo palibe anawafunsa bwinobwino kuti pali mankhwala ena omwe mukumwa? Iwonso sananene, poti kwa iwo a BP aja ali ngati phala la m'mawa, sawawerengeranso ngati mankhwala.

Patapita masabata angapo anayamba kudandaula ntchafu ndi akatumba. Munthu woti amapalasa njinga kuchoka kwa Mpondasi kukafika kumsika atanyamula dengu la usipa, anayamba kulephera kudzuka pa mkeka osagwira khoma. Ife tinati ndi malungo, kukayezetsa alibe. Azakhali anati nyamakazi, ena mpaka anayamba zonong'onezana kuti pali dzanja la munthu. Mkodzo utayamba kuda ngati tiyi wopanda mkaka tonse tinangoti likodzo basi, poti kuno kunyanja mkodzo ukasintha mtundu maganizo amathamangira komweko.

Anatipulumutsa ndi adokotala ena omwe anangoti "mawa mubwere ndi mankhwala onse ali m'nyumba, ngakhale panado." Tinawakhuthulira jumbo yonse patebulo. Anatola timapaketi tiwiri, amlodipine uku simvastatin uku, n'kupukusa mutu. Anatifotokozera kuti mankhwala awiriwa amaphwanyidwa m'chiwindi ndi chinthu chimodzimodzi, dzina lake CYP3A4, nde zikakumana pamenepo simvastatin amachedwa kuchoka, amachulukana m'magazi n'kuyamba kuononga minofu. Zikafika poipa zinyalala za minofu yoonongekayo zimakadzaza mu impso, ndi chifukwa chake mkodzo umada, ndipo impsozo zikhoza kusiya kugwira ntchito. Kuyambira 2011 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linanena kuti munthu womwa amlodipine asapitirire 20 mg ya simvastatin patsiku. Bambo anga ankamwa 40, ukalamba uli pomwepo, dzuwa la kuno lija ndi madzi omwe osamwa okwanira.

Si onse a BP ali ndi vuto limeneli ayi. HCT (hydrochlorothiazide) uja ambiri amayambira, enalapril, atenolol, amenewa alibe mkangano woterewu ndi statin. Koma diltiazem ndi verapamil ndiye ndi oopsa kuposanso amlodipine. Palinso ena osakhala a BP, monga erythromycin ndi clarithromycin, komanso ma ARV ena okhala ndi ritonavir, amenewa saloledwa n'komwe kumwera limodzi ndi simvastatin. Tangoganizani erythromycin mmene anthu amangomugulira akamva kukhosi kukukanda.

Wina asawerenge kalatayi n'kukataya mapilisi ake kuchimbudzi chonde. BP yosamwera mankhwala ndi imene ikugwetsa anthu sitiroko, ndipo anthu ambiri amamwa statin ndi amlodipine limodzi popanda vuto mlingo ukakhala woyenera. Bambo anga anawayeza magazi, anawaimitsa simvastatin kaye, kuwauza azimwa madzi ambiri, kenako atapeza bwino anawasinthira statin wina wotchedwa atorvastatin wa mlingo wochepa. A BP aja sanasiye ngakhale tsiku limodzi.

Chimene chikundiwawa ine a Mkonzi n'chakuti funso limodzi lokha likanatha kupewetsa zonsezi. Ndikudziwa kuti mzere umakhala wautali, adokotala ali okha anthu mazana panja, koma kufunsa kuti "mukumwa chani panopa?" kumatenga mphindi zingati? Ogulitsa mankhwala m'mafamase nawonso, munthu wachikulire akabwera ndi pepala la simvastatin wa 40 osangowerengera ndalama, mufunseni za BP. Ndipo a unduna wa zaumoyo atithandize kuti zipatala za pulaiveti zizilembanso m'buku lomwelo la wodwala, osati aliyense kafayilo kake komwe katsalira m'kabati mwake.

Kwathu pano mabuku aja tinawasokera pamodzi ndi ulusi, ndipo mlongo wanga anajambula mapaketi onse pa foni n'kutitumizira pa WhatsApp. Njinga ayambiranso kupalasa, ngakhale pokwera pa mlatho wa Bakili Muluzi paja amatsikabe n'kumakankha.

Wowerenga wanu,
kwa Mpondasi, Mangochi