Chilala sichiwawitsa amondi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani ija ya mitengo yopirira chilala. Zambiri ndinagwirizana nazo, koma nditafika pamene mlembi wanu anati amondi (mtedza wina wobereka mumtengo) ena amawawa chifukwa mtengo wake unasowa madzi, ndinavula magalasi n'kuika nyuzipepala pambali. Ndaphunzitsa zaulimi zaka zambiri ndipo mawu amenewa ndawamvapo kangapo. Si zoona.

Inenso ndinalumapo njere yowawa. Inali m'paketi limodzi ndi zinzake zabwinobwino, yofanana nazo maonekedwe, koma nditangoitafuna lilime linachita dzanzi, kafungo kakuthwa n'kukwera m'mphuno. Ndinalavula. Chimene chinandichita zimenezo chimatchedwa amygdalin. Njere ikaphwanyika m'kamwa, amygdalin amasweka n'kutulutsa benzaldehyde, mwini kafungo kaja, komanso cyanide, yemwe ndi poizoni weniweni. Amondi a m'tchire ngowawa, ndi mmene mtengo umatetezera mbewu zake kuti zisadyedwe. Amene timadyawa anachokera ku mitengo imene inasiya kudzaza poizoniyu m'njere, ndipo mu 2019 ofufuza analemba m'magazini ya Science kuti chinasintha ndi jini imodzi yokha, kachidutswa kamodzi ka malangizo a chibadwa cha mtengowo.

Ndiye kuwawa n'chibadwa cha mtengo umene wabereka. Mtengo wosawawa, ngakhale dzuwa liuphike chaka chonse, njere zake siziwawa. Wowawa, muuthirire usana ndi usiku, udzawawabe. Nanga yowawayo imalowa bwanji m'paketi? Kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean alimi akale ankamezanitsa mitundu yabwino pa tsinde la amondi wowawa, poti mizu yake imazama ndipo simaopa nthaka youma. Tsinde lija likaphukira mphukira, mwini munda osaidula, imakula n'kubereka zake. Enanso ankangodzala njere osamezanitsa, ndipo mwana wa mtengo wosawawa amatha kutulukira wowawa. Mwina apa ndi pamene panayambira kusokonekera: minda yakale yotereyi ndi yomweyo imene ili kumalo ouma, anthu n'kuloza chala chilala. Masiku ano ambiri amamezanitsa pa GF 677, tsinde lochokera ku France, lobadwa pokwatitsa pichesi ndi amondi.

Chimene chilala chimachita n'china. Mtengo sufa msanga, zimenezo mlembi wanu sananame. Umayoyola masamba, umadikira. Koma njere zimakhala zazing'ono, zina zokwinyika, ndipo nthambi zatsopano zikachepa, chaka chotsatira maluwa amachepanso. Taonani: Spain ili ndi minda ya amondi yaikulu kuposa dziko lina lililonse, yambiri yodalira mvula, komabe California, kumene amathirira, ndiyo imakolola pafupifupi 80 peresenti ya amondi onse a padziko lapansi. Kupirira ndi kubereka si chinthu chimodzi.

Mitundu nayonso imasiyana kwambiri moti ndimadabwa tikamaitchula ndi dzina limodzi. Ndinaikapo pa tebulo Nonpareil wa ku California ndi Marcona wa ku Spain, onse ali m'zigoba. Nonpareil ndinamuswa ndi zala, chigoba chake n'chopyapyala ngati pepala, njere yake yaitali, yosalala. Marcona anafuna hamala, ndipo koyamba anathawira pansi pa mpando. M'kati munali kanjere kobulungira, konenepa. Pa Nonpareil njere imaposa theka la kulemera kwa mtedza wonse, pa Marcona ili pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Musamuseke Marcona: chigoba cholimbacho chimatsekereza mbozi ndi mbalame, ndipo mbozi zikalephera kuboola, nkhungu yobweretsa poizoni wotchedwa aflatoxin imasowa polowera.

M'kati mwa njere, theka kapena kuposerapo ndi mafuta. Ochuluka ndi a oleic, amene kawirikawiri amakhala pakati pa 60 ndi 75 peresenti ya mafuta onsewo, kenaka a linoleic. Awiriwa ali ngati sikelo, ena akakwera ena amatsika. Izi sizongosangalatsa anthu a m'labotale ayi. Linoleic sachedwa kuonongeka ndi mpweya, choncho mtundu wokhala ndi oleic wambiri umakhalitsa m'nkhokwe osayamba kununkha. Vitamini E nayenso amateteza mafutawo. Pamenepa ndi pamene nyengo ili ndi mawu: ofufuza a ku Spain ndi Morocco aona kuti mafuta ndi vitamini E zimasinthako malinga ndi chaka komanso malo, ngakhale mtundu uli womwewo. Zimasinthako, koma mtundu ndiwo umaika malire. Mlembi wanu akanalemba zimenezi, sindikanatenga cholembera.

Chinanso chimene nkhani ija inadumpha: amondi amafuna chilimwe chouma, inde, koma amafunanso nyengo yozizira kuti agone, apo ayi maluwa satuluka bwino. Ndipo amafulumira kuchita maluwa, ku California mu February, moti chisanu cha usiku umodzi chimatha kupsereza zokolola za chaka chonse. N'chifukwa chake akatswiri anatulutsa mitundu yochedwa maluwa monga Ferragnès ku France ndi Guara ku Spain. Guara safuna mungu wa mtundu wina, pomwe Nonpareil payekha sabereka, mpaka pakhale mzere wa mtundu wina pafupi ndi ming'oma ya njuchi.

Pempho langa, akonzi, n'lakuti mukonze chiganizo chija. Wowerenga akakhulupirira kuti kuwawa n'chizindikiro chabe cha ludzu la mtengo, adzameza. Njere imodzi sipha munthu wamkulu, koma zowerengeka chabe zikhoza kupha mwana. Yowawa njolavula.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa zaulimi wopuma pantchito