Mubwezereni mthiko mwanayu, lupus sipatsirana

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe ndinaona Loweruka pamaliro ku Mufakose, kuno ku Harare. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 26, anali pamoto akuvundula nsima ya odzapepesa. Mayi wina wamkulu m'bungwe lathu la maliro anafika, kumulanda mthiko m'manja, n'kukautsuka ndi madzi otentha anthu onse akuona. Mlandu wake ndi zidzolo zomwe zamutuluka m'masaya ndi pamphuno. Kuseri ena ankanong'onezana kuti ndi kachilombo, ena amvekere anamulodza atapita kukaona kumudzi.

Amayi, udokotala wowerenga magazi a munthu pankhope munauphunzira kuti?

Mwanayu ali ndi lupus. Madokotala anamufotokozera kuti asilikali a m'thupi, omwe ntchito yawo n'kulimbana ndi tizilombo, asokonezeka ndipo akumenya thupi lake lomwe: khungu, molumikizana mafupa, nthawi zina mpaka impso. HIV imafoola chitetezo, pomwe apa chitetezocho ndi chomwe chatembenukira mwini wake. Sipatsirana, ngakhale mutadyera naye mbale imodzi. Mwa odwala 10, pafupifupi 9 amakhala akazi, ndipo imavuta kwambiri akazi akuda ngati ana athuwa. Dzuwa limamuutsira matenda, koma iye anapirira dzuwa ndi utsi, zala zili zotupa, kuti anamfedwa adye. Anabwerera kunyumba akulira, ngakhale nsimayo sanailawe.

Chikundiwawa n'chakuti omwe anamulanda mthiko ndi omwewo akuuza mayi ake kuti asiyitse mwanayu mankhwala ake a hydroxychloroquine ndi prednisolone, akagule madzi odalitsidwa. Impso zikafa mudzamulipirira ndinu dialysis, yosefa magazi ndi makina? Kale ankatero ndi ana a shuga yobayira insulin, ankateronso ndi anthu a vitiligo, matenda a mtundu womwewu. Mankhwalawo timagula ndi madola mwezi ndi mwezi, wotithandiza palibe, otiweruza ndiye mbwee.

Malamulo a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Unduna wa zaumoyo upachike zikwangwani za matendawa m'Chichewa ndi m'Chishona m'makiliniki a ku Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa. Inunso atcheyamani a mabungwe a maliro, pa 10 May ndi tsiku lokumbukira lupus padziko lonse. Itanani namwino adzatiyankhule. Mayi ajanso adzakhale kutsogolo.

Malume wokhumudwa,
Mufakose, Harare