Kalata yotseguka kwa Mkulu wa CCPC, bungwe loteteza ogula ku Zambia: madandaulo athu azidziwana

Bwana Mkulu,

Ndikupatsani moni kuchokera kuno ku Kasenengwa. Ndine mlembi wa kopaletivu ya alimi. Nkhani yanga ena anganene kuti ndi ya akatswiri a kompyuta, koma ine ndinakumana nayo m'munda.

Chaka china, mvula yoyamba itangogwa, mamembala athu angapo anagula mbewu ya chimanga pa kashopu kena m'tauni ya Chipata. Matumba anali okongola, njere zopakidwa mankhwala monga mwa masiku onse. Patapita milungu iwiri, phando limodzi lamera, atatu otsatira zii. Mayi wina wamasiye anabwera kwanga lisiti atalimanga pa nsonga ya chitenje, nandifunsa kuti, "Alembi, ndibzala chiyani tsopano?" Tinapita kushopu kuja. Tinapeza loko pachitseko, dzina lafufutidwa ndi penti.

Miyezi itapita tinakumana alembi a makopaletivu ku Katete. Tikucheza pabenchi, mnzanga wa kumeneko anatulutsa lisiti la dandaulo longa lathu. Dzina la shopu linali lina, koma nambala ya foni yolandirira ndalama, yolembedwa pamanja m'munsi, inali yomweyo. Wachitatu, wa ku Chadiza, anali ndi chithunzi cha thumba m'foni, ndipo nambala ya loti, yosonyeza mbewu zolongedzedwa nthawi imodzi, inafanana ndi yathu. Aliyense wa ife ankayesa kuti tsoka ndi la kwawo kokha, chonsecho wakuba anali mmodzi.

Pempho langa lachokera pabenchi pamenepo. Pulogalamu ya pa kompyuta imene ofufuza anu amalembamo madandaulo izichita zimene tinachita mwangozi tsiku lija. Dandaulo latsopano likangolowa, izifufuza m'milandu yonse, yotseguka ndi yotsekedwa yomwe, ya ku Lundazi, ya ku Petauke ngakhale ya ku Kitwe, n'kumuuza wofufuza kuti nambala iyi inaonekapo kale pa mlandu wakuti. Kubwalo la mfumu ntchito imeneyi ndi ya nduna. Munthu akaimirira n'kumati aka n'koyamba, nduna yokalamba imakumbutsa bwalo kuti anabweranso chaka chatha pa nkhani ya mbuzi. Ofesi ya boma antchito ake amasamutsidwa, ena amapuma, choncho chikumbumtima chotere chiyenera kukhala m'makina.

Chikumbukiro chimenechi chisadalire dzina. Dzina la shopu limasintha ndi chitini chimodzi cha penti. Zovuta kusintha ndi nambala ya ku PACRA (kolembetsera mabizinesi), TPIN (nambala ya msonkho) ya ku ZRA, nambala ya NRC (chiphaso cha unzika) ya mwini, nambala ya Airtel Money kapena MTN imene ndalama zinapitako, nambala ya galimoto yobweretsa katundu, ndi nambala ya loti pa thumba. Zimenezi zikhale ndi malo akeake pa fomu. Zikangolembedwa mkati mwa nkhani yaitali ya wodandaula, makina azivutika kuzipeza, ndipo wolemba wina aika 097, wina +26097, nambala imodzi n'kuoneka ngati ziwiri.

Apa ndikufuna nditsindike, chifukwa ndikuopa kuti chida chabwino chingapweteke osalakwa. Kuno kum'mawa mukaitana kuti "a Phiri" pamsika wa Kapata, atembenuka anthu khumi. A Banda, a Tembo, a Zulu, a Mwale ndi chimodzimodzi. Makina olumikiza milandu poona dzina lokha adzasenzetsa wogulitsa wachilungamo mlandu wa munthu amene sanamuonepo. Ngakhale foni imabwerekedwa, ndipo ejenti mmodzi wa mobile money amalandirira amalonda ambiri. Tsono pulogalamu izingoloza, osagamula. Inene kuti milandu iwiriyi yafanana pa chakuti, kenako wofufuza aone ndi kuvomereza kapena kukana, alembe chifukwa chake, ndipo dzina lake ndi tsiku zitsale m'kaundula wosafufutika. Ngati analakwitsa, kulumikizako kuthe kumasulidwa.

Chinanso, kulumikiza kusakhale kuphatikiza. Pakhale mlandu waukulu wa wogulitsa uja, koma dandaulo la mayi wamasiye likhalebe ndi nambala yake, ndalama zake ndi yankho lake. Ndikudziwa mmene munthu wamng'ono amasowera akaponyedwa m'gulu.

Zachinsinsi nazo zisamalidwe. Tili ndi Data Protection Act ya 2021 komanso lamulo la 2010 loteteza oulula zoipa. Nthawi zambiri woulula amakhala mnyamata amene amasoka matumba kuseri kwa shopu. Wofufuza wa boma lina aone kuti milandu ikugwirizana, koma dzina la mnyamatayo aziliona okhawo amene akuyenera.

Chifukwa chake n'chiyani ndikuumirira chonchi? Lamulo limene linakhazikitsa bungwe lanu, Competition and Consumer Protection Act ya 2010, limalola chindapusa chofika 10 peresenti ya malonda a pachaka kwa ochita malonda achinyengo. Koma dandaulo la thumba limodzi, likaima palokha, limaoneka ngati kusamvana kwa wogula ndi wogulitsa. Wogulitsa anganene kuti mlimi anabzala panthaka youma, n'kumubwezera ndalama zake nkhani n'kutha. Madandaulo ambiri a loti imodzi ochokera m'maboma atatu sangawanamizire nthaka. Ndipo umboni wotere ndi umene mungatumize msanga ku SCCI ku Chilanga, amene amayeza ndi kutsimikiza mbewu, kuti aone ngati lotiyo ndi yeniyeni kapena chizindikiro chinaberedwa. Mbewu yabodza imagulitsidwa milungu yochepa chabe, pakati pa Okutobala ndi Disembala. Kulumikiza kukachedwa mpaka Malichi, mlimi wataya kale chaka.

Ife kumbali yathu tayamba kuphunzitsa mamembala kuti asataye thumba kapena lisiti, ndiponso kuti azijambula chizindikiro cha pa thumba asanalitsegule. Malisiti aja ndinawasunga mu envulopu m'bokosi la kopaletivu. Ofufuza anu akawafuna, ndidzawabweretsa ndekha ku Chipata.

Ine wanu,
Mlembi wa kopaletivu ya alimi, Kasenengwa