Sisitere wa m'munda wa maluwa ku Oxford

Wokondedwa NaBanda,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwayamba kuluma.

Poti ndiwe wa maluwa, leka ndikuuze za chithunzi china chili ku Ashmolean, nyumba yoonetseramo zinthu zakale muno mu Oxford, komwe munthu amalowa ulere. Dzina lake ndi Convent Thoughts. Anachijambula ndi penti wa mafuta ndi Charles Collins mu 1850 ndi 1851, nthawi ya Mfumukazi Victoria. Si chachikulu, kutalika sichifika ndi mita yomwe.

Sisitere wachitsikana waimirira pakapinga m'mbali mwa dziwe, atavala mkanjo wotuwa ndi nsalu yoyera kumutu. Dzanja lina wagwira buku la mapemphero, chala chili pakati pa masamba, koma maso ali pa duwa limene wanyamula dzanja linalo. Duwalo ungalidziwe msanga, ndi la mtundu wa magalagadeya. Amishoni amene analiona ku South America ankati likufotokoza masautso a Yesu: tizingwe tozungulira tija ndiye chisoti chaminga, timitu titatu tapakati misomali, tina tisanu tapansi pake mabala. Akakombo oyera amuzungulira, ndipo m'dziwemo ukayandikira umaona nsomba zofiira ngakhalenso ambululu.

Ine ndikuona kuti mtima wa Collins unali pa maluwa kuposa pa munthu. Tsamba lililonse analichitira khama, duwa lililonse ungalitchule dzina, chifukwa sanajambule za m'mutu. Ankakhala m'munda wa Thomas Combe, mkulu wa ntchito yosindikiza mabuku pa yunivesite ya Oxford, n'kumajambula zimene akuona. Umu ndi mmene ankachitira anzake a gulu la ojambula zithunzi la Pre-Raphaelite lomwe linayamba mu 1848, monga Millais ndi Holman Hunt, ngakhale iyeyo sanalowe m'gululo mwalamulo. Koma nkhope ya sisitereyo ndi yozizira, yotumbuluka, sungadziwe ngati ali pamtendere kapena akusowa kwawo. Ena amati kukoma kwake n'komweko. Kaya.

Chithunzichi chitaonetsedwa ku Royal Academy, bungwe la akatswiri ojambula ku London, mu 1851, anthu sanachilandire bwino. Chaka cha 1850 Papa anali atabwezeretsa mabishopu a Katolika ku England, ndipo Achipulotesitanti ambiri anakwiya kwambiri. Ndiye tangoganiza, mitima idakali m'mwamba choncho, wina n'kupachika sisitere pakhoma! John Ruskin, amene mawu ake ankalemera pa nkhani za zojambula, analembera nyuzipepala ya The Times mu Meyi 1851. Za Chikatolikazo anazikana poyera, koma anayamikira chomera cha m'madzi chotchedwa Alisma plantago kuti chajambulidwa mwaluso zedi. Chosekesa n'chakuti odziwa zomera anadzafufuza pambuyo pake n'kupeza kuti chomeracho m'chithunzimo mulibe.

Combe yemweyo ndiye anachigula, ndipo mkazi wake Martha, yemwe anamwalira mu 1893, anachisiyira nyumba ya Ashmolean pamodzi ndi zithunzi zina. Collins penti anadzamusiya n'kuyamba kulemba mabuku.

Ndagula positikhadi ya chithunzichi, ndipatsira munthu wobwera kumudzi pa Khirisimasi. Ukaiona undiuze mayina a maluwa ang'onoang'ono ali kumapazi kwa sisitereyo, ine andikanika. Undiperekere moni kwa amayi.

Ndine mnzako,
NaPhiri